Magalasi Anu ndi Nsalu ya Pachingwe

Amayi anga, kodi kumene muliko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo. Pepani malembawa akupendama, ndikulemba mwana ali pamwendo. Ndilibe wina woti ndimuuze. Masiku ano ngakhale mnzako wosinja naye mtondo umodzi sungamuuze zonse.

Inu munkati, "Yamba wandipatsa madzi, nkhani yoipayo indipeze nditamwa kale." Ndiye ndiyambe ndi madziwo. Mimba ija munandisiya nayo inabadwa mwana wamkazi. Tinamutcha Esinati, dzina lanu. Wayamba kukwawa ndipo amaluma bere ndi timano take. Bambo ake akadali ku Joni, kalata zimabwera mwa apo ndi apo. Tirigu wa kumunda wa kumtunda anachita bwino, koma manachesi anu ambiri anaolera pansi chifukwa malole analephera kukwera, msewu unakumbika ndi mvula. Ku Luwani kwadzaza anthu othawa nkhondo ku Mozambique, ena amafika mpaka kuno kudzafuna ganyu.

Tsopano nkhani yake ndi ya Lameki, mwana wanu wotsiriza. Folomu 4 ija anakhoza, Amayi. Kenaka anamva kuti ku Lilongwe akufuna achinyamata oti akaphunzire ntchito yoyeza maso ndi kupatsa anthu magalasi, koma ayambe alemba mayeso olowera ku Blantyre. Anamuitana, mayesowo ali Lolemba likubwerali. Akuti chovuta kwambiri ndi phunziro lina lotchedwa fizikisi, makamaka za kuwala ndi m'mene kumayendera. Aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Nsambe anamubwereka buku lopanda chikuto, ndipo salisiya, ngakhale kumunda amapita nalo. Chimene akuifunira ntchitoyi mukuchidziwa. Zaka zija ng'ala inakuphimbani, iye ndiye ankakugwirani dzanja popita kutchalitchi, mpaka pamene madokotala anakupalani m'maso kuchipatala nkukupatsani magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Mutawavala munatiyang'ana tonse nkunena kuti, "Kani munali oipa nkhope chonchi nthawi yonseyi?" Tinaseka mpaka misozi.

Pogawa katundu wanu magalasiwo anagwera ine. Lameki amati za m'buku sizimulowa mpaka ataziona ndi maso, ndiye ankandibwereka. Nyumba inasanduka sukulu. Lero waika supuni m'tambula ya madzi, akuti taonani yathyoka, chonsecho ndi yabwinobwino. Mawa watentha tsamba louma ndi dzuwa lodzera m'galasi lanu. Ine ndinkangoseka kuti misala ya anthu ophunzira.

Lachiwiri ndinachapa nsalu yanga ya chipani, ija ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko, poti tikukonzekera magule. Ndinaiyanika pachingwe moyang'anana ndi khomo, mwaulemu, mutu m'mwamba monga amatiuzira. Dzuwa linali phwee. Lameki anatseka zenera ndi thumba, anasiya chitseko chotsegula, nkugwira magalasi anu pafupi ndi khoma lija tinapaka laimu.

"Achemwali, bwerani mudzaone!"

Amayi, pakhomapo panaoneka kachithunzi kosaposa chikhatho changa, ka mitundu yake yeniyeni. Mtengo wa nachesi, chingwe, nsalu ikukupiza ndi mphepo. Koma zonse zozondoka. Mtengo masamba pansi. Ndipo nkhope ija, chadodolido.

Ndisanatsegule pakamwa tinamva odi. Anali a Nachisale, apampando a amayi a chipani m'mudzi muno, kudzandiitanira ku magule. Mwana wanuyo m'malo mobisa magalasi anachita kuwaitana ndi chimwemwe. "Mayi, lowani, imani apa mudzaone nanunso!" Anaona. Anatuluka kukayang'ana nsalu pachingwe, anabweranso kudzayang'ana khoma.

"Iwe Lameki, wawaimika ndi mutu ndani Abambo a dziko?"

"Si ine, mayi, ndi kuwala. Kochokera kumwamba kukadutsa m'galasi kumapita pansi, kochokera pansi kumapita kumwamba."

"Eti."

Basi. Ananyamuka, za magule osanenanso.

Dzulo kunabwera anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira aja. Akuti mawa Loweruka tikaonekere kwa apampando a nthambi, ndipo tikabwere nacho chida chija. Magalasi anu, Amayi, akuti chida. M'mudzi nkhani yamera miyendo. Ena akuti ndi ufiti wofuna kugwetsa boma, ena akuti waphunzira kwa anthu a ku Mozambique. Pachitsime ndikafika anthu amakhala chete, zidebe zokha kulira. Mukukumbukira aphunzitsi aja anawatengera m'kalasi, choko chili m'manja, chifukwa anakutira buku ndi nyuzipepala ya chithunzi chomwechi? Mpaka lero akazi awo sadziwa kumene ali.

Anyamatawo atachoka ndinamukhazika pansi Lameki kumufunsa kuti akanena chiyani kumeneko. Akuti akanena zoona, akawasonyeza m'buku. Akuti, "Kuti pakhoma mtsogoleriyo aoneke woongoka, ndiye kuti nsaluyo mukanaiyanika mozondoka panjapo. Nanga akanakonda ziti?" Ndinamugwira pakamwa ndi dzanja. Anachotsa dzanjalo nkupitiriza. Akuti buku likunena kuti m'diso la munthu aliyense muli kagalasi ngati kanu komweka, ndipo chilichonse chimene timaona chimagwera mozondoka kuseri kwa diso, mutu ndiwo umachiongola. "Ngakhale apampandowo akamayang'ana chithunzi cha muofesi mwawo, m'diso mwawomo chimakhala chozondoka. Ndikawauza zimenezo amvetsa."

Amayi! Tangoganizani mwana wanu ataima pabwalo, anyamata a malaya ofiira atamuzungulira, iye nkumafotokoza kuti dziko lonse limaona mtsogoleri chadodolido! Sakanabwerako. Munkanena nokha kuti, "Lameki akadziwa kanthu kamamuyabwa pakamwa mpaka atakalavula." Sanasinthe. Alibe mwano mwana uja, amangokhulupirira kuti munthu ukamufotokozera bwino amamva.

Ndiye lero m'mawa ndamuthamangitsa. Anakana, anati sangandisiye ndekha ndi mlandu wake. Ndinamukalipira monga munkachitira inu, chala pamphuno. Ndinati, "Amayi anasenza madengu a manachesi zaka zonse zija kuti iwe ukathere pabwalo chifukwa cha khoma? Nyamuka!" Analira, nanenso ndinalira, koma wapita. Wadzera njira ya m'mapiri kutsikira ku Matope kwa amalume, kumeneko akapeza lole ya ku Blantyre. Khadi ya chipani ili m'thumba la malaya, ndachita kuigwira ndekha. Ndamumangira mbatata zophika ndi buku lake lija. Popita anatembenuka nkundifunsa ngati ndamvetsa chifukwa chake chithunzi chimazondoka. Ndinatola mwala, ndiye anathamanga.

Pali china mundikhululukire. Ndachotsa galasi limodzi pa magalasi anu ndi nsonga ya mpeni, ndalisokera m'kati mwa jekete lake. Enawo ndikapereka mawa ndipo ndikudziwa kuti sadzabwerera. Sindinafune kuti maso anu onse awiri akathere m'manja mwa anthu aja. Akandifunsa za linalo ndikati linasweka kale.

Mawa ndipita ndekha, Esinati kumbuyo, nsalu yomwe ija nditaisita nkuivala. Ndikanena kuti magalasi ndi anga, nsalu ndi yanga, nyumba ndi yanga. Ndikati ine wa Sitandade 5 ndimasewera ndi magalasi a malemu chifukwa chowasowa, ndipo Lameki ndinangomuuza kuti andigwirire. Akafunsa kumene ali ndikati wapita ku mayeso a boma amene anamuitanira. Ndikagwada, ndikapepesa, akafuna nkhuku ndikapereka. Zoti m'diso muli kagalasi sizikatuluka pakamwa panga.

A Nachisale akudziwa kuti sizinayende choncho. Akafuna kunditsutsa anditsutsa ndi mawu amodzi. Masana ano ndakumana nawo panjira ya kuchigayo. Ndinawapatsa moni. Anangosuzumira mwana kumbuyoku nthawi yaitali nkunena kuti, "Maso awa ndi a agogo ake." Kenaka anapitirira. Kodi pamenepa amatanthauza chiyani, Amayi? Inu munawadziwa bwino, munali nawo kuchikuta pa mwana wawo woyamba. Ngati kumeneko mumatha kulankhula ndi anthu kutulo, kalankhuleni nawo.

Ndikuopa, Amayi. Sindikuopa kumenyedwa kwenikweni. Ndikuopa kuti akanditenga, kodi mwana woyamwa amamulola kupita ndi mayi wake? Lero ndamuyesa phala lambiri kuti ndione ngati angakhale tsiku lonse popanda bere. Analavula, analira mpaka ndinamupatsa. Ndapita kwa azakhali kukawauza kuti akamva zina abwere adzamutenge, ndipo ndawasonyeza pamene pali matewera ndi kabulangete kake. Iwo anangogwira pakamwa.

Kalatayi ndikangomaliza ndiiponya pamoto, utsi ndiwo ukubweretsereni. Pepala ngati ili silingagone m'nyumba muno.

Muyende naye Lameki m'mapirimo, mumugwire dzanja monga ankakugwirirani. Ine ndikulonjeza kuti kaya andifunse kangati, kaya andiopseze chotani, njira imene wadzera sinditchula. Lolemba mwana wanu akhala pa desiki, cholembera m'manja, diso lanu lili m'jekete. Ndikabwerako mawa ndidzafika kumanda ndi khasu kudzalambula, ndidzakuuzeni zonse pakamwa.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani lero kuposa masiku onse.

Ndine mwana wanu,
Flosi