Abambo Sachoka Pakhomo Pano

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno chisanu cha Juni chafika, m'mawa chifunga chikumaphimba phiri lonse. Kachewere wabereka bwino. Mdzukulu wanu Agnesi wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu.

Koma ndisakubisireni, ndikulemba mtima ukuwira. Ndakwiya ndi achimwene anu a Feliyasi, ndipo ndakwiya ndi inunso.

Amalumewo akufuna kusudzula abambo Loweruka likubwerali. Ati mwambo ndi womwewo, mkazi akamwalira mkamwini azibwerera kwawo. Nanga bwanji anali chete nthawi yonseyi chichokereni inu? Chavuta n'chakuti abambo anapezeka akupalira m'dimba la a Nachisale, ndiye anthu ayamba kunong'ona kuti akukawa mbewu za eni ndi mankhwala. Amayi, dimba limenelija si lomwe munkalima awiri musanasinthane ndi a Nachisale? Iwo angopita kumene miyendo yawo ikukumbukira.

Mwezi watha anasochera pamsika wa Mayani. A Yusufu a golosale anawakweza panjinga yamoto n'kudzawatula pakhomo. Ndiwo anandiuza kuti, "Aphunzitsi, apititseni kuchipatala madalawa asanakumane ndi anthu oipa mtima." Ndinatero. Adokotala anawafunsa modekha za tsiku ndi mayina a ana awo. Kenaka anandifotokozera kuti si ufiti, ndiponso si ukalamba chabe. Ndi matenda a ubongo amene amafufuta zinthu pang'onopang'ono, kuyambira za dzulo, zakale n'kumatsalira. Satha, koma akadziwika msanga abale amaphunzira kasamalidwe kake, ndipo zina monga kuthamanga kwa magazi zimathandizidwa kuti zisawonjezere vuto. Pomaliza anandifunsa kuti zinayamba liti.

Yankho linandipeza m'minibasi pobwerera. Inu munkadziwa. Atathira mchere mu tiyi munati, "Abambo ako angotopa." Atandiitana dzina la malemu alongo awo munaseka n'kunena zomwezo. Kutchalitchi munkawanong'oneza mayina a anthu asanapereke moni. Ine ndinkati n'chikondi. Chinalidi chikondi, koma munasenza nokha mpaka munapita nazo kumanda, ife osadziwa kanthu. Mukanatiuza, mudzi ukanazolowera iwo akadali okhoza kudzilankhulira okha. Lero akuwaloza zala, ndipo sakudziwa n'komwe chimene alakwa.

Ndinapita kwa amalume kukawafotokozera zonsezi bwinobwino. Anangoti, "Iwe sukulu inakuwononga. Akadwalire kwawo." Kwawo kuti? Kwa Kaphuka anachokako ali mnyamata, ndipo onse amene ankawadziwa ali kumene muli inuko. Adokotala ananenetsa kuti munthu wotere ukamusamutsa amasokonezeka kwambiri. Kuno akudziwa njira ya kudimba, ya kutchalitchi ndi ya kumanda kwanu. Nanga denga la nyumba ya amalume omwewo anakhoma ndani? Tsiku limenelo abambo sanali mlendo.

Si onse ouma mtima ayi. Nditafotokoza kumphakati, ena anamvetsa, mpaka wina anaulula kuti agogo ake nawonso amatero, amangowatsekera m'nyumba. A Nachisale anaseka n'kuti, "Asiyeni azindipalirira, ganyu waulere ndingamupeze kuti? Bola asazule kachewere."

Loweruka ndikaima pamaso pa akuluakulu. Malo ano munasiyira ine mwana wanu wamkazi, ndipo ndikawauza kuti pamalo panga ndikusungapo bambo anga. Wofuna kuwathamangitsa ayambe wathamangitsa ine.

Lero m'mawa abambo anandifunsa kuti mwapita kuti. Ndinangowapatsa tiyi. Iwo anati, "Tisachoke pano, angadzatisowe akabwera."

Sachoka, amayi. Chimenechi ndakulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani ngakhale ndakwiya,
Rozina