Edson, Bwera Udzawatsitse Amayi

Luchenza, Thyolo
14 Okutobala 2008

Wokondedwa mlongo wanga Edson,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi makompyuta akowo. Kuno ana ali bwino, mvula sinayambe. Amayi thupi lili bwino koma mtima ayi, ndipo mlanduwo ndi wako.

Utabwera mu Epulo unawaimika kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, dengu la tiyi kumsana, n'kuwajambula. Unati ukuphunzira pulogalamu yaulere yopangira zithunzi zoyenda, kuti a mafilimu akulembe ntchito. Ntchitoyo waipeza, tathokoza. Koma mu Joni monsemo unasowa munthu woti umuulutse? CD unatumiza ija ikuonetsa amayi akunyamuka pamwamba pa minda ya tiyi n'kukazimirira m'mitambo.

Ndisabise, nanenso ndinalakwa. Ponyadira luso lako ndinaibwereketsa kwa Stewart wa vidiyo pamsika. Anaionetsa masiku atatu, nyumba yodzaza.

Pano amayi akafika pa sikelo yoyezera tiyi anzawo amasuntha madengu. Mwana wa a Joan atadwala malungo, kunamveka zoti amayi athu anadutsa padenga pawo. Munthu wathyola tiyi zaka makumi awiri kuti iwe uphunzire, lero akutchedwa mfiti yokwera dengu. Ndakwiya nawe, Edson, ndipo ndadzikwiyira ndekha.

A Malizani, mkulu wa mpingo, awaimitsa amayi ku gulu la Dorika. Ndinawafotokozera monga unandiuzira, kuti kompyuta imafufuta chobiriwira n'kuikapo china. Iwo anati kamera sinama, ndipo ngati imafufuta zobiriwira, bwanji tiyi yense akuoneka?

Komiti ikumana Lamulungu pa 2 Novembala kuti iwachotse amayi mumpingo. Amayi Sabata lapitali anachapa yunifolomu yawo ya Dorika, kuisita, n'kuibwezera m'sutikesi. Akuti ndisakuvute, ungataye ntchito. Ine ndikukuvuta.

Usatumize kalata, kuno sakhulupirira pepala. Kwera basi, ubwere ndi kompyuta ndi nsalu yako ija. Udzawaimike a Malizani kutsogolo kwake, uwaulutse ndi jekete lawo lomwe, komiti yonse ikuona. Tidzaone ngati adzachotse anthu awiri.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Daisy. Ambuye akusunge panjira, koma panjirapo upezekepo.

Ndine mlongo wako,
Miriam