Zitsekerero za Bulugama

Kuesiteti, kufupi ndi Masambanjati,
Thyolo.
22 Malichi, 1959.

Okondedwa achimwene a Douglas,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu ku Zomba kumeneko, inu ndi alamu anga a Ellen ndi ana onse. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno amayi aliko ndithu, ana anga Mtisunge ndi kamng'ono kake Leah akudzuka bwino. Koma ndikati tonse tili bwino ndiye kuti ndakunamizani.

Kalatayi ndalemba ndekha ndi dzanja langa loipali, poti nkhani yake si yopatsa munthu wina kuti andilembere. Alamu anu a Fabiano ali m'chitolokosi kuboma. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Akuti anathira chiphe mumkaka wa mzungu.

Chiphe, achimwene! A Fabiano omwe aja, amene nkhuku yomwe amaitana ine kuti ndidzaphe?

Ntchito yawo mukuidziwa. M'mamawa amapita kukhola la esiteti, akakama amadzaza mabotolo asanu ndi limodzi, n'kupalasa njinga mpaka kunyumba kwa bwana kumtunda kuja. Mabotolo adzulo amabwera nawo kuno, ndipo wotsuka ndine. Zaka zinayi zonsezi dona sanadandaulepo.

Tsono zitsekerero za mabotolowo, zofewa zija zakusitolo, zinali zitatha ntchito. Zinada bii, zinang'aluka, ndipo zinkanunkha mkaka wosasa. Ndinawauza a Fabiano katatu konse kuti akapemphe zina. Iwo ankangoti mawa, mawa, poti masiku ano munthu wakuda sayandikira khonde la mzungu asanaitanidwe.

Ine ndi mtima wanga wapachalawu, Lolemba ndinazitola zonse n'kuziponya pamoto. Ndinapita kunkhalango ya bulugama kumene amadula nkhuni za kufakitale, ndinathyola nthambi yaiwisi, n'kusema zitsekerero zatsopano ndi mpeni wanga. Zoyera mbee, zothina bwino, botolo ukalizondotsa osadontha. Ndinadzitama, achimwene, ndisakubisireni. A Fabiano nawo anaseka, amvekere anakwatira mmisiri.

Sindinaganize kuti mtengo wauwisi uli ndi madzi ake. Lachiwiri mkaka uja unkakhutchumuka panjinga msewu wonse, ukunyambita mtengowo, dzuwa likuwomba. Pofika kumtunda unali utamwa fungo lonse la bulugama.

Zotsatirazi ndinamva kwa a Jonas, akhukhi a panyumbapo. Akuti kamwana ka dona kanangomwa kamodzi n'kuyamba kusanza. Dona analawa, n'kukuwa kuti mkaka ukuwawa ngati mankhwala ndipo ukuyabwa kukhosi. Bwana anatuluka ndi mfuti.

Inu muli kuboma lalikulu, mukudziwa kuposa ine mmene dziko lilili chiyambire kumanga anthu a Kongeresi. Azungu a kuno akukhulupirira kuti tonse tinapangana zowapha, kuyambira akhukhi mpaka otchetcha kapinga. Fungo lomwe ife timafukiza nalo ana akadwala chimfine, iwo analiyesa imfa.

A Fabiano anatenga botolo lomwelo n'kumwa lonse pamaso pawo. Bwana anati ameneyu anamweratu mankhwala odzitetezera. Mwana uja anachira tsiku lomwelo, madzulo ankathamangitsana ndi galu pabwalo, koma a Fabiano apolisi anali atawatenga kale.

Lachinayi ndinapita kuboma ndi chakudya. Anandilola kuwaona pawindo kanthawi kochepa. Diso limodzi ndi lotupa, silikutsekuka. Ndinawafunsa ngati anafotokoza za zitsekerero. Anati inde anafotokoza, koma anawauza kuti anasema ndi iwo. Apolisi akuti ndiye kuti wavomera yekha kuti anaika mtengo wamankhwala mwadala, ndipo tsopano akuwakakamiza kuti atchule amene anawatuma.

Ndinawakalipira pomwepo, ndikulira, kuti anamiranji chonchi. Anandiyankha motsitsa mawu kuti nditseke pakamwa, ndizipita kunyumba, ana amafuna mayi wawo.

Kalanga ine! Nkhuyu ndadya ine, zikupota iwo.

Pakamwa sindinatseke. Lachisanu ndinakwera kumtunda ndi kanthambi ka bulugama m'manja, ndinagwada kukhomo lakukhitchini, n'kupempha a Jonas kuti andimasulire kwa dona. Anakana. Anati ali ndi ana asanu ndi awiri, ndipo wolankhulira munthu wa chiphe amamuyesa mnzake wa chiwembu. Anati ndikapitiriza anena kuti sakundidziwa. Munthu amene anadya nawo paukwati wanga! Ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire.

Dona atamva phokoso anasuzumira. Ndinayamba kufotokoza ndekha, ndikuonetsa kanthambi kaja. Koma Chinyanja cha dona ndi cha bwera, choka ndi msanga basi. Anangoona mkazi wa munthu uja atanyamula mtengo, anakuwa, n'kutseka chitseko. Mlonda anandiperekeza ndi chibonga mpaka kumunda wa tiyi.

Achimwene, wapolisi wina wachifundo anandinong'oneza kuti Lachinayi likudzali a Fabiano awatumiza ku Blantyre pamodzi ndi omangidwa ena. Opita kumeneko palibe amene akudziwa tsiku lawo lobwerera. Ndiye ndagwira mwendo wanu, bwerani tsikulo lisanafike.

Inu Chingerezi mumachiyankhula ngati madzi, ndipo mzungu akaona tayi amayamba wamvetsera. Sindikupempha kuti mudzawapepese. Mudzangowauza kuti akame ng'ombe imodzi, athire mkakawo m'mabotolo awiri, lina atseke ndi bulugama wauwisi, lina ndi nsalu yoyera. Akhutchumule, adikire ola limodzi padzuwa, alawe okha. Ine ndayesa kale kawiri ndi mkaka wa mbuzi ya amayi. Wa m'botolo lansalu unali mkaka ndithu. Winawo ngakhale galu anaukana.

Ndikudziwa kuti kalaliki wa boma kulankhulira womangidwa masiku ano ndi kuika ntchito yake pamoto. Ndikudziwanso kuti a Fabiano simunawakondepo, munkati ndakwatiwa ndi munthu wa ndowe kumapazi. Munthu ameneyo ndi amene akumenyedwa lero m'malo mwa mlongo wanu.

Chomaliza ndi ichi, ndipo mundimvetse. Ndimakudziwani inu. Podzamasulira mudzafuna kukhotetsa mawu kuti dzina langa lisatuluke. Musadzatero. Mudzanene kuti zitsekerero zakale anawotcha ndi Anesi, nthambi anathyola ndi Anesi, mpeni ndi wa Anesi. Ngati akufuna munthu woti amutsekere, amutsekere mwini wake.

Amayi sindinawauze za maganizo angawa. Akungodabwa kuti Leah ndayamba kumusiyitsa bere asanakwanitse chaka, ndipo akundikalipira tsiku lililonse. Akulira kwambiri mwanayo, koma phala wayamba kulandira kwa agogo ake. Pofika Lachinayi adzakhala atazolowera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Ellen, muwauze atipempherere. Anawo muwasisite pamutu m'malo mwanga. Mulungu akutsogolereni panjira, ndipo basi yoyamba isakusiyeni.

Ndine mlongo wanu,
Anesi.