Masingano a M'sutikesi ya Amama

Matero, Lusaka
14 Meyi 1996

Mng'ono wanga Mailesi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu a Timoti ndi ana. Nanga amama, mwendo uja ukuti bwanji? Ine ndilipo, kungoti chifuwa sichikundisiya. Kalatayi uwerenge wekha. Usaiwerenge mokweza pabwalo monga mumachitira.

Ku kiliniki kumene ndimakolopa kunabwera akuluakulu a zaumoyo sabata yatha. Anatsegula chilichonse, ndi ndowa yanga yomwe. Anaona madeti pa mabotolo a mankhwala, anafunsa kumene timataya masingano akale, anayesa ngati makina ophikira zitsulo akutentha mokwanira. Ife tinapulumuka. Kiliniki ina kuseri kwa msika anaitseka tsiku lomwelo, atapeza kuti singano imodzi ikubaya anthu angapo. Nditamva zimenezi, mtima wanga unathamangira kwa a Zebron ku Pembamoyo.

Ukudziwa wekha mmene amachitira m'kachipinda kawo kaja kuseri kwa golosale. Masingano ali nawo atatu, amawaphika m'kapoto pambaula m'mawa. Anthu akachuluka pabenchi amangowaviika m'madzi omwewo, atazizira kale. Ina ikabuntha amainola pamwala, anthu a kwathu n'kumatama kuti jekeseni wa a Zebron ndi wamphamvu chifukwa amawawa! Sindikuti ndi munthu woipa. Anagwira ntchito kuchipatala zaka zambiri, ndipo atate akudwala anatithandiza. Koma matenda a masiku ano si aja anaphunzira iwo.

N'chifukwa chake mu Malichi ndinapatsira a Philemon, kondakitala uja, bokosi la masingano ndi masirinji atsopano, chilichonse m'pepala lake, kuti amama azitenga imodzi popita kukabayitsa. Dzulo ndinakumana nawo a Philemon kusiteshoni. Akuti amama anakondwa kwambiri, anaonetsa amayi anzawo a Chigwirizano, kenako anatsekera bokosilo m'sutikesi pansi pa nsalu za kutchalitchi. Akuti zinthu zokongola chotero sangaziwonongere mwendo, azisungira tsiku la matenda aakulu. Mailesi, ndinakhala pansi pomwepo. Amama akuyesa ndi makapu a alendo?

Ndakwiya, koma chachikulu ndi mantha, ndipo lero ndikuuza chifukwa chake. Pa Khirisimasi malungo atandigwira kumudziko, amama ndiwo anandikokera kwa a Zebron. Ndinayamba kubayidwa ndine. Nditadzuka pampando panakhala amama, poti linali tsiku lawo la mwendo. Ndikukumbukira bwino kuti singano ija sinabwerere m'kapoto.

Mu Febuluwale adokotala athu, poona mmene ndikuondera, anandiyeza magazi. Anandipeza ndi kachilombo. Ndiye kuti amuna anga, bambo a Oscar, sichinali chifuwa chokha chinawatenga, monga tinkauzira anthu pamaliro. Ndinatumiza bokosi lija m'malo mwa kalata, chifukwa mtima woti ndilembe zimenezi ndinalibe.

Ndinafunsa anamwino athu ngati munthu angatenge matenda pobayidwa kamodzi kokha. Anati sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika, ndipo palibe angadziwe popanda kuyeza magazi. Chiyambire tsiku limenelo chakudya sichikulowa. Za ine ndavomera. Koma kuti amama adwale chifukwa anakhala pambuyo panga pabenchi, zimenezo sindingazipirire.

Pempho langa nali. Ukatulutse bokosilo. Tsiku la jekeseni upite nawo wekha, uone ndi maso ako a Zebron akung'amba pepala, ndipo singanoyo ikatha ntchito ukaiponye m'chimbudzi, asaisunge. Akakhumudwa, akhumudwe. Ana akonso asabayidwe ndi za m'kapoto. Mukamaliza kukolola ndibwera kuti ndiwatengere amama ku Chipata akayezedwe. Za magazi anga usawauze, ndikufuna amve kwa ine, tili awiri.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa amalume a ku Zingalume ndi azakhali. Oscar akupereka moni kwa agogo ake, iye sakudziwa kanthu.

Amama ndikuwadziwa, kiyi wa sutikesi sapereka wamba. Akakaniza, usalimbane nawo. Ungowauza kuti Philomena wati tsiku la matenda aakulu lija lafika.

Ndine mkulu wako,
Philomena