Nyali Yoyera ya Mineko

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kutentha. Tadula mphesa kuyambira mbandakucha, mzere wakumunsi watha. Makhwangwala aboola mapepala okutira matsango angapo, ndipo amasankha okoma okhaokha.

Pa chakudya chamasana ndawauza amuna anga a Noboru kuti Lachiwiri ndikupita ku Tokyo. Anatafuna kaye, kumeza, kenako: "Kukatani?" Ngati sakudziwa. Ndi Bon, mwambo wolandira mizimu ya akufa, yoyamba ya Mineko, mng'ono wanga. Kumaliro sindinapite, chimphepo chija cha Seputembala chinaimitsa sitima zonse, ndinangokhala pano kumamvera malata akulira. Nyali yoyera ya pepala amapachika chaka choyamba chokha, kuti wakufayo asasochere pobwera kunyumba koyamba, Bon ikatha amaiwotcha. Ndikaphonya iyi palibenso ina. Komanso ndinawalonjeza alamu anga a Shuzo, amuna ake a Mineko, pa foni mu Epulo kuti pa Bon ndibwera.

A Noboru: "Mizimu imafika Lachitatu madzulo. Inu mukupita Lachiwiri. Mukampeza ndani?" Ndati kuyambira Lachitatu sindingachoke pakhomo pano, makolo anu omwewo akufika, ansembe akubwera, alongo anu ndi ana awo, aphike ndani? Ati ndiye mukupita kukaona nyali basi. Ndati eya, nyali.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndakagula tikiti. Kupita theka la tsiku, kubwera theka la tsiku, pakatipo patsala maola atatu kapena kuchepera. Mtsikana wa pawindo anandifunsa kawiri ngati ndikubwereradi tsiku lomwelo.

Pobwera ndakumana ndi Mai Kadowaki, anansi athu, akuthirira mabiringanya. Nkhani yawapeza kale, a Noboru pakamwa sipatsekeka akakhala kunja. Ati: "Sumako, maola atatu ku Tokyo? Amenewo ndi otulukira m'siteshoni okha! Malemu amuna anga anasochera mmenemo, anatuluka ndevu zitamera." Ndaseka pang'ono kuti asakhumudwe. Kenako ati ukakhala wanzeru ukagone, ukakwere nsanja yotchuka ija, ukadye kena kake kachilendo, munthu sapita ku Tokyo kukangogwada n'kudzuka. Pomaliza, poti ukupitabe, ukandigulire timakeke tija ta m'bokosi lachikasu.

Onse akuti n'kutaya tsiku pachabe. Mwina akunena zoona. Sindikutsutsa, ndikungopita.

Loweruka, 9 Ogasiti

Mvula ayi. Bondo likuwawa.

Lamulungu, 10 Ogasiti

M'mawa kumanda. Tatsuka mwala wa makolo a a Noboru, kenako ndakwera ndekha kumtunda kwa bambo ndi mayi, kuzula udzu, kusintha madzi a maluwa. Nyumba yathu yakale ili chitsekere, mtengo wa pakhomo wafika padenga.

Madzulo ndawaimbira a Shuzo. Ndalemba monga zinayendera:

"Alamu, ndine Sumako. Ndikubwera Lachiwiri masana."
Zii. Ndimati foni yaduka.
"Mukubwera tsopano."
"Eya. Sindikhalitsa."
"Chabwino. Ndilipo."

Basi. Osafunsa sitima yake, osanena kuti ndikakuchingamirani. Munthuyu sindimumvetsa. Mineko atangomwalira ankandiimbira pafupipafupi, kufunsa kuti mkazi wake ankathira chiyani m'nkhaka zoviika zija, kuti mpunga ukanyowa kwambiri amatani. Chapakati pa Julayi anangosiya. Ndinawaimbira ine kuti ndiwatumizire mphesa zoyamba, ati musavutike. Anthu obadwira ku Tokyo mawu awo amawayeza ndi kasupuni. Mng'ono wanga, wolongolola uja, anakhala nawo bwanji zaka zonsezi, kaya.

A Noboru anamva zonse ali kuseri kwa nyuzi. "Akukudikirani ndi manja awiri," atero. 

Lolemba, 11 Ogasiti

Kusita diresi lakuda. Landithina m'chiuno.

Ndathyola nkhaka imodzi yowongoka ndi biringanya limodzi, ndikapangire Mineko hatchi yoti mzimu wake ukwere pobwera ndi ng'ombe yokwera pochoka, a Shuzo zimenezi sangazithe. Timitengo ta miyendo ndadula kale. Ali wamng'ono Mineko analuma hatchi ya agogo kumbuyo, nkhaka yake inali yanthete, n'kuitembenuza kuti bala liyang'ane kukhoma. Mayi anaona tsiku lachitatu. Anakwapulidwa ndine, poti ndinali wamkulu.

A Noboru tsiku lonse akhala akung'ung'udza kuti mawa adula okha mzere wapakati, msana wawo palibe amaulabadira. Koma polowa m'nyumba ndapeza bokosi pakhonde lomanga kale, matsango aja amawasungira ogula a ku hotela. 

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndikulemba m'sitima. Chipinda chonse tilimo anthu owerengeka, ndayika mphesa pampando wawokha ngati mlendo. Sitima zochokera ku Tokyo ndiye zikudutsa zodzaza mpaka kukhomo, nkhope zitakanikizidwa pagalasi. Aliyense akuthawako kupita kumudzi, ine ndekha ndikulowera komweko.

Sindikumva chilichonse. Ndimayembekeza kuti ndikhala ndi chisoni, koma ndikungoganiza ngati a Noboru akumbukira kutseka madzi a kumunda.

Lachitatu, 13 Ogasiti, m'mawa

Dzulo sindinathe kumaliza, pobwera tinaimirira. Ndilembe tsopano alendo asanafike.

Siteshoni ya Tokyo ndi mmene ananenera Mai Kadowaki. Ndinatsata zikwangwani, ndinatuluka khomo lolakwika, ndinakwera takisi. Za mzindawo ndaona khosi la dalaivala ndi mlatho umodzi.

Pofika pa mdadada wa a Shuzo ndinayang'ana mmwamba, pakhonde pawo zovala zoyanika basi. Ndinati mwina apachika mkati, m'tauni anthu amachita manyazi ndi zinthu zotere. Ananditsegulira atavala malaya oyera omanga mpaka pakhosi, aonda. Tinawerama, mawu a nthawi zonse, mwayenda bwanji, kwatentha. Ndinagwada pa kaguwa ka akufa ka m'nyumbamo, ndinayatsa lubani. Chithunzi anasankha chija Mineko akuseka chammbali. Koma panalibe tebulo la Bon, panalibe mphasa yake, zipatso, chilichonse. M'mtima ndinati amuna, mawa lomweli ndipo sanayambe n'komwe.

Anabweretsa tiyi wozizira. Ndinatulutsa nkhaka ndi biringanya pa tebulo, ndinafunsa kuti nyali mupachika lero kapena mawa, ndikuthandizeni ndisanapite. Anayang'ana nkhakayo nthawi yaitali.

"Nyali tinawotcha, alamu."
"Mwawotcha bwanji isanayake?"
"Inayaka. Mwezi watha. Kuno Bon ndi Julayi."

Ndinaika kapu pa tebulo. Choipa n'chakuti ndimadziwa. Ndani sadziwa kuti a ku Tokyo amalandira akufa awo mwezi umodzi patsogolo pa ife? Mineko ankabwera kwathu Ogasiti aliyense chifukwa kwawo amakhala atamaliza kale, ankachita kunena yekha kuti ine ndimadya Bon ziwiri. Koma mutu wanga ukamva Bon umaona mphesa zakupsa, basi. Kuyambira Epulo sizinandidutse m'maganizo ngakhale kamodzi. A Noboru sanakumbuke, Mai Kadowaki odziwa zonse aja sanakumbuke. Ndimadandaula kuti ndafulumira ndi tsiku limodzi, chonsecho ndachedwa ndi mwezi.

A Shuzo anapitiriza ndi mawu awo ochepa aja. Ati anayala mapilo atatu okhalira, la ansembe, lawo, langa. Anaitanitsa chakudya cha anthu atatu. Ansembe atamaliza mapemphero anadikira nawo pang'ono, kenako anapita kunyumba zina. Chakudya changa anachidya okha tsiku lotsatira.

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu, kenako mkwiyo. Ndinati koma alamu, munthu wamkulu ngati inu, foni muli nayo, chinakuvutani n'chiyani kungoimba kuti Sumako uli kuti? Ati: "Ndimati mwina mphesa zachuluka. Kumaliro kunali mphepo. Sindinafune kuti muvutike kufuna chifukwa china." Mawu amenewo anandipweteka, ndipo akundipwetekabe pano. Mwezi wathunthu munthu akuganiza kuti mng'ono wanga ndinamusinthanitsa ndi mphesa.

Tinakhala. Fani ikuzungulira. Ndinatsegula bokosi poti panalibe china chochita, anaika tsango limodzi pa kaguwa, lina tinayamba kudya. Ati zatsekemera. Ndati chaka chino mvula yachepa. Nthawi yanga inali ikutha ndipo ndimaona kuti a Noboru apambana, ndabwera kudzaona nyali ndipo nyaliyo kulibe.

Sindikudziwa kuti zinachokera kuti. Ndikukulunga nkhaka ija ndinangoti: "Kwathu mizimu ifika mawa." Anandiyang'ana. Ndati Mineko sanaphonyepo Ogasiti wa kwathu, asiye lero chifukwa wamwalira? Ati nyali palibe. Ndati kwathu, m'sitolo ya Yonehara pafupi ndi positi, amagulitsa, zoyera zimatsala chaka chilichonse.

Anadzuka, kulowa kuchipinda, kutseka chitseko. Ndinati basi ndawalakwira, munthu wachita kale mwambo wake bwinobwino, ine ndikubwera ndi zakumudzi. Ndinayamba kuvala nsapato. Anatuluka atavala jekete, kutentha konseku, kachikwama m'manja. Anagwada pa kaguwa, ananyamula kathabwa kolembedwa dzina la Mineko, anakakulunga m'nsalu yofiirira, kumanga mfundo kawiri. Kenako anazimitsa fani.

"Sitima yanu ndi ya nthawi yanji?"

Munthu amene pa ukwati wawo wonse anaponda kwathu kawiri kapena katatu, ati achule amamusowetsa tulo.

Mipando inali itatha kalekale. Tinaimirira pakati pa zikwama ndi ana olira mpaka kupitirira Nagoya, iwo atakumbatira kansalu kaja pachifuwa, chigongono atachitulutsa kuti anthu asakagunde.  Ine ndimaganiza za a Noboru. Nyumbayi ndi ya makolo awo, Mineko si wa mtundu wawo, ndipo sindinawafunse. Timakeke ta Mai Kadowaki ndinakumbukira titafika kale ku Himeji.

A Noboru anabwera ndi kagalimoto ka kumunda. Anayang'ana ine, anayang'ana alamu, anayang'ana kansalu. "Ndimati mukukaona nyali, mwabwera ndi munthu." Ndati awiri. Ndinawafotokozera mwachidule tili chiimire. Anakanda m'mutu, ati Julayi, inde, Julayi, n'kudzitukwana pang'ono. Kenako anachotsa mabokosi pampando wakutsogolo. "Kwerani, a Shuzo. Makolo anga si ovuta, afinyana."

Pano alamu akugonabe, kapena akunamizira. Achule analira usiku wonse.

Lachitatu lomwelo, madzulo

Alongo a a Noboru afika ndi ana awo, nyumba yadzaza nsapato. Wamkulu mwa alongowo anakweza nsidze ataona kathabwa kachilendo pa tebulo la Bon, a Noboru anangoti ndi mlendo wanga, nkhani inathera pomwepo.

Kwa Yonehara inatsala imodzi, yopindika pang'ono mbali ina. A Noboru anakwera okha pa makwerero, msana uja osautchulanso, anaipachika pakhonde moyang'ana kumsewu. Hatchi anapanga a Shuzo. Miyendo inatuluka yosalingana, ikuoneka ngati yaledzera, ndinafuna kuikonza koma ndinaisiya.

Mai Kadowaki anasuzumira pa mpanda kufunsa timakeke. Ndati ndinaiwala. Ati ndiye ku Tokyo unakatani? Ndinawalozera pakhonde. Anayang'ana nyali, anayang'ana alamu, anapita. Patapita kanthawi anabwera ndi mbale ya mabiringanya ophika.

Dzuwa litapendeka tinasonkhana pachipata, timapesi touma tili m'mbale yadothi. Moto wolandirira mizimu amayatsa mwini nyumba, chaka chilichonse ndi a Noboru. Lero anatulutsa machesi m'thumba n'kuwapatsa a Shuzo. Ndodo ziwiri zinazima, yachitatu inagwira. Utsi unakwera mowongoka, kunalibe mphepo. A Shuzo anagwada pafumbi ndi thalauza lawo la m'tauni, ananena motsitsa koma tonse tinamva: "Mineko, ndi kuno. Achemwali ako ali pano."

Pamenepo ndinalira, kulira kumene sindinalire mu Seputembala, pakamwa pali yasa ngati mwana, ana a eni ake akundiyang'ana. Ndinali nditaima pakati penipeni pa chipata osadziwa.

A Noboru anandigwira pamkono. "Sunthani, amayi, mukutsekereza njira. Anthu akulowa."

Ndinasuntha.