Miyala Yakuda ya pa Denga

Lolemba, 9 Sepitembala 1996

Anayamba kundiuza za ng'anjo ya chitsulo ndi malume anga a Ignasio, ine ndili mwana. Iwonso anamva kwa nkhalamba za Chimang'anja zimene anazipeza kuno ku Bangwe. Ankati m'munsi mwa phiri la Mpingwemu anthu akale ankasungunula miyala n'kusula makasu. Ndi malo omwe anandilozera: ukaima pa mkuyu, yenda mapazi makumi atatu kulowera kukhwawa. Panali kachulu ka udzu basi. Zaka zonsezi ndakhala ndikusimba pa bawo, anthu kumangoseka.

Lero kwabwera galimoto ya anthu ofufuza zakale, mkulu wawo a Ellard, kufunsa wodziwa za m'phiri. Zala zonse kuloza ine! Mawa ndiwatsogolera. Zilembo zanga za sukulu ya kwachazi zikungokhota.

Lachiwiri, 10

Mkuyu kulibe, unapita ndi amakala kalekale. Khwawa nalo linasamuka chaka chija cha madzi ambiri. Koma ndapeza chitsa, ndawerenga mapazi, ndati pano. Amanga tizingwe, akupala dothi pang'onopang'ono, n'kumalisefa ngati ufa. Chilichonse ndinganene a Ellard akulemba m'buku. Munthu wa masukulu ake kulemba mawu a ine Onesimo. Ndayankhula mpaka kukhosi kuuma.

Lachitatu, 11

Apeza botolo la mowa ndi patapata mmodzi.

A Everson, mnzanga wa pa bawo, anabwera kudzaonerera. Akuti, "Achimwene, matipate anatilola kuyankhula, koma kunama sanalole." Anthu gwa, kuseka. A Ellard andiuza mwaulemu kuti Lachisanu akupita ku Machinjiri. Akapita chimanjamanja, ine ndi malume tonse tikhala abodza mpaka kumanda.

Lachinayi, 12

Zalero! Ndinawaitanira tiyi kunyumba, kuti mwina manyazi achepe. Tili pakhonde kunadutsa kamvuluvulu, malata phwaphwaphwa. A Ellard kuyang'ana kudenga, kapu n'kuika pansi. "Bambo, makwerero alipo?"

Anatsika ndi mwala umodzi mwa ija yopsinjira malata. Wakuda bii, wolemera, wamabowomabowo, mbali ina ngati phala lotayika n'kuuma. Akuti izi ndi zotsalira za m'ng'anjo, zimene zimatsala chitsulo chikachoka. Titayang'ana mzere wonse wa nyumba, denga lililonse ili mbwee. Zaka makumi atatu umboni wanga ndikugona nawo pamutu.

"Munaitenga kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, mayi akunyumba a Salome ali pakhomo ndi thaulo paphewa. "Awawa musawafunse, sanasenzeko ngakhale umodzi. Ndinatuta ndine, ndili ndi pakati pa Mirriam. Amayi tonse tinkatola komweko chifukwa siiuluka ndi mphepo. Ndi kuseri kwa tchalitchi, pamene pali munda wa a Everson."

Ndati nanga chitsa chija? Akuti chimene chija ndi cha mango, anadzala okha a Salomewo.

"Bwanji osanena masiku onsewa?"

"Munandifunsa? Inu mumasimba za miyala yosungunula. Ine ndimadziwa miyala ya padenga."

A Ellard atenga itatu kukaiyeza. A Salome awauza kuti abweretse ina yolowa m'malo mwake mvula isanayambe.

Lachisanu, 13

M'mawa tonse kumunda kwa a Everson, mwiniwake akudandaula za chinangwa chake. A Salome anaima pamzere wachitatu n'kugogoda ndi chidendene. Okumba atafika m'mawondo dothi linasintha, lofiira lowauka, lozungulira ngati tsinde la nkhokwe. Kenako kampope kadothi, kukamwa kwake kwakuda konyezimira. A Ellard akuti ndi mmene munkadzera mpweya wa mvukuto. Anandipatsa kuti ndikagwire, ndipo chala changa chinalowa ndendende m'kadzenje ka chala cha amene anakaumba.

Ku Machinjiri sakupitanso, akhala masabata awiri. M'buku alemba dzina la a Salome pamwamba, langa pansi. Ndapempha kuti la a Ignasio likhalepo, alemba.

A Everson anasuzumira m'dzenjemo nthawi yaitali. Kenako akuti, "Ndiye malume anuwo ankati miyalayo ankaisungunula bwanji?"

Ndavundikira ndowa, ndakhalapo, ndayambira pa mkuyu.