Nambala yomwe mwana wanga ankaidziwa ili ndi wina

Aphungu,

Ndine mayi wosoka zovala pamsika, ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndalama za foni ndi za TV zinkatimaliza, moti mnzanga atandiuza za kampani ina yotchipa, ndinasintha zonse tsiku limodzi. Simukhadi yakale ndinaiponya m'kabokosi ka mabatani, poganiza kuti ndiziibwezera mufoni mwa apo ndi apo. Kenako ntchito ya mayunifolomu inandichulukira, ndinaiwala.

Mwana wathu wamkazi anachoka pakhomo zaka zitatu zapitazo atayambana ndi bambo ake. Komwe ali sitikudziwa. Koma pakatha miyezi ingapo ankandifulashira kawiri motsatizana, nthawi zonse pa foni yobwereka, ine n'kudziwa kuti ali moyo. Sindinkamuimbira, poopa bambo akewo amene anati, "Dzina lake ndisalimvenso m'nyumba muno."

Mwezi watha ndinabwezera simukhadi ija, koma inali itafa. Nditaimba nambalayo anayankha bambo wina. "Mayi, mwalakwitsa, ine ndimagulitsa matayala," anatero, n'kudula. Ndalama zikutsaladi, Aphungu, koma nditani nazo? Mwana wanga akuyesa kuti nanenso ndinamutaya.

E.L., wosoka pamsika

Mayi E.L.,

Pepani kwambiri. Kufuna zotchipa sikulakwa, ndipo sindikunamizani: nambala ikapatsidwa kwa wina, kawirikawiri sibwerera. Pitanibe ku kampani yakaleyo ndi chitupa chanu mukafunse.

Chachikulu, aimbireninso bambo a matayalawo, masana, mwaulemu. Afotokozereni zonse. Apempheni kuti wina akawafulashira kawiri motsatizana, akutumizireni nambalayo nthawi yomweyo, ndipo muwagulireko mayunitsi. Munthu wogulitsa matayala nayenso anabadwa kwa mayi.

Fufuzaninso mufoni yanu. Manambala obwereka aja mwina akadalimo, ndipo eni ake anamuonapo mwana wanu ndi maso. Nambala yanu yatsopano muisiye kwa azakhali ake, kwa anzake akusukulu, ngakhale pachikwangwani chanu cha pamsika.

Amuna anu auzeni zoona. Mwina nawonso amamusowa, akungouma khosi.

Chenjezo langa ndi ili: wina akakuuzani kuti akudziwa komwe ali koma muyambe mwatumiza ndalama, musatumize. Ndipo foni yanu ikadzalira kawiri, musadzangoiyang'ana ngati kale. Zaka zitatu wakhala akugogoda. Mudzamuimbire.